Kodi magazi angawerenge mowa umene timamwa kuno ku Mangochi?

Nthawi ndi nthawi wailesi imalengeza kuti anthu a dziko lakutilakuti amamwa malita akutiakuti a mowa pachaka. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, mu lipoti lake la 2024, linanena kuti mowa unachititsa imfa za anthu 2.6 miliyoni m'chaka cha 2019 chokha. Amene anakhalapo pa gombe la Makawa kapena la Msaka m'mawa usipa utaphedwa wambiri, ndalama zikusinthana manja, mabotolo akuyenda pansipansi, amangodzifunsa kuti anthu amenewa amawerenga bwanji. Sitinaonepo munthu atakhala ndi kope pakhomo pa mayi wotcheza kachasu n'kumalemba mavelemoti amene atuluka.

Akatswiri ena amati pakamwa pakabisa tifunse magazi. Akatero amatchula mayina a zilembo zokhazokha, GGT, AST, CDT, PEth, ndipo womvera amaganiza kuti m'magazi muli mita yowerenga mowa ngati ija ya madzi a pampopi. Mita yotero kulibe. Zimene zilipo n'zothandiza ndithu, koma zambiri mwa izo zimanena mmene chiwindi chikumvera, osati mabotolo amene munthu wamwa.

Kuwerenga mabotolo ndi kufunsa anthu

Njira yakale ndi ya malonda. Amaphatikiza mowa wopangidwa ndi makampani ndi wolowa m'dziko utalipiridwa msonkho, n'kuusandutsa malita a mowa weniweni wopanda madzi, kenako n'kugawa ndi chiwerengero cha anthu a zaka 15 kupita m'mwamba. Kumene pafupifupi dontho lililonse limadutsa pa kauntala, njirayi imagwira. Kuno masese ofululidwa kuseri kwa nyumba, kachasu, uchema wa ku migwalangwa ndi mabotolo odzera njira zachidule m'malire a Mozambique salowa m'buku la msonkho. Komanso zimene amamwa alendo ku Cape Maclear ndi anthu a misonkhano m'mahotela a m'mbali mwa nyanja zimagulitsidwa ku Mangochi, koma omwawo kwawo ndi kwina.

Njira yachiwiri ndi kufunsa. WHO inatulutsa mafunso 10 otchedwa AUDIT mu 1989, ndipo kafukufuku wa STEPS, amene anachitika m'dziko muno mu 2009 ndi mu 2017, anafunsanso za mowa khomo ndi khomo. Taganizirani mmene zimakhalira. Mtsikana wa kafukufuku wakhala pamkeka pakhonde ku Mpondasi, tabuleti ili m'manja. Mayi a m'nyumbamo akupeta mpunga chapafupi, makutu ali tcheru. Mwana wa amfumu amene wamulondolera pakhomopo waima chapoteropo.

"Bambo, pa masiku 30 apitawa munamwapo mowa?"

"Aa, mayi, ine wanga ndi thobwa."

Mwina n'zoona. Boma lino lili ndi Asilamu ambiri, mipingo ingapo ya Chikhristu nayo imaletsa mowa, choncho osamwa n'komwe alipo ochuluka. Koma chiphunzitso chimene chimaletsa ambiri kumwa n'chomwecho chimene chimamanga pakamwa womwa mobisa, mkazi wake ndi mwana wa amfumu ali pomwepo. Wofunsa uja alibe njira yosiyanitsira "ayi" woona ndi "ayi" waulemu.

Wovomera naye amasowa chonena akafunsidwa kuchuluka kwake. WHO imawerenga magalamu 10 a mowa weniweni ngati muyezo umodzi, ku Britain amati 8, ku America 14. M'botolo la mamililita 330 la mowa wa 5 peresenti mumakhala magalamu pafupifupi 13. Nanga chipanda cha masese chimene anthu asanu akulandizana? Nanga Chibuku, chimene chimapitiriza kuwira m'paketi, moti cha lero ndi cha mkuja sizifanana ukali? Kachasu woyamba kudontha ndi womaliza amalowa m'botolo lofanana, koma amene anamwapo onse awiri akuuzani kuti ndi zinthu ziwiri.

Kubisa ndi kuiwala si kwathu kokha. Ku Svalbard, zilumba za dziko la Norway kumene kunali kotheka kudziwa mowa wonse wogulitsidwa, ofufuza anafunsa anthu mu 1988 ndi 1989 n'kuyerekeza mayankho ndi mabuku a malonda. Zimene anthu anavomera zinangokwana pafupifupi 40 peresenti ya zimene zinagulidwa. M'mayiko ambiri kafukufuku wofunsa amapeza pafupifupi theka. Theka losowalo ndi limene akulisaka m'magazi.

Enzyme n'chiyani?

Mowa weniweniwo sukhalitsa m'thupi. Chiwindi chimauphwanya pa mlingo wa magalamu 7 mpaka 10 pa ola, moti womwa usiku wa Loweruka amafika Lolemba m'magazi mulibe kanthu. Kachipangizo kouzira ka apolisi apamsewu kamagwira za maola ochepa apitawo basi. Wofuna kudziwa kamwedwe ka mwezi wonse ayenera kuyang'ana zimene mowa wasiya m'mbuyo.

Aliyense amene anaphikapo thobwa enzyme amaidziwa, lachilendo ndi dzina lokha. Phala limakhala lolimba, losakoma. Likapolako n'kuthiramo chimera, limasungunuka n'kuyamba kutsekemera. Agwira ntchito imeneyo ndi ma enzyme a m'chimeramo, mapuloteni amene amafulumizitsa chinthu kusanduka china iwo osatha. Selo lililonse m'thupi lili ndi ake, ndipo chiwindi, chimene chimakonza chakudya ndi kusefa poizoni, chili nawo ochuluka zedi. Malo awo ndi m'maselo. Maselo akavulala, kapena akakakamizika kugwira ntchito mopitirira, ma enzyme ena amatayikira m'magazi, ndipo makina a ku labotale amatha kuwayeza.

Nzeruyi sinayambire pa mowa. Mu 1954 ofufuza a ku New York, John LaDue, Felix Wróblewski ndi Arthur Karmen, anaonetsa kuti enzyme imene lero timaitcha AST imakwera m'magazi a munthu amene mnofu wa mtima wake wavulala. Posakhalitsa zinadziwika kuti chiwindi chodwala nacho chimataya ma enzyme. Pa mapepala ena a zotsatira mudzapezabe mayina akale, SGOT ndi SGPT. Ndi AST ndi ALT zomwezo.

GGT, galu wa pakhomo

Yotchuka kwambiri pa nkhani ya mowa ndi gamma-glutamyl transferase, mwachidule GGT, imene imapezeka m'chiwindi ndi m'tinjira todutsa ndulu. Mu 1972 Sidney Rosalki wa ku London ndi mnzake analemba kuti imakhala yokwera mwa zidakwa zambiri. Inafala msanga chifukwa ndi yotchipa, ndipo makina oyezera chiwindi m'zipatala amaiyeza limodzi ndi zinzake. Imakwera munthu akamamwa kwambiri tsiku ndi tsiku kwa milungu ingapo. Kuledzera kwa tsiku limodzi pa ukwati nthawi zambiri sikuigwedeza. Munthu akasiya, imatsika ndi theka pa milungu iwiri kapena itatu, n'kubwerera m'malo mwake pakatha mwezi kapena kuposerapo, ngati chiwindi sichinawonongeke kale.

Ku Malmö m'dziko la Sweden, m'zaka za m'ma 1970, Hans Kristenson ndi anzake anayeza amuna masauzande a msinkhu wapakati n'kupatula amene GGT yawo inali pamwamba kwambiri. Ena anangowalembera kalata yowachenjeza. Ena ankawaitana kawirikawiri, kuwayezanso ndi kuwaonetsa nambala yawo ngati yatsika kapena yakwera. Zotsatira zimene zinatuluka mu 1983 zinaonetsa kuti a gulu lachiwirili ankajomba kuntchito ndi kugonekedwa m'chipatala mocheperapo. Ku Tromsø m'dziko la Norway anayeza anthu ambirimbiri a mumzindamo, n'kupeza kuti GGT imayenderadi limodzi ndi mowa, koma imakweranso ndi kunenepa, ndipo mwa okonda khofi imakhala yotsika. Apa ndiye pagona nkhani.

GGT ili ngati galu wa pakhomo. Wakuba akabwera amauwa. Koma amauwanso mbuzi ya aneba ndi fisi wodutsa kutali, ndipo pali akuba ena amene amangowagwedezera mchira: omwa kwambiri ambiri, makamaka achinyamata, GGT yawo imakhala bwinobwino. Wogona m'nyumba amangomva kuuwa, chauwitsacho sachiona.

Tsono tawerengani zouwitsa galu ameneyu m'boma lino. Mankhwala a khunyu, phenobarbital, phenytoin ndi carbamazepine, amakweza GGT ngakhale chiwindi chili bwino, chifukwa amachikankha kupanga ma enzyme ochuluka. Ma ARV a nevirapine ndi efavirenz amachita chimodzimodzi. Katemera wa matenda a chiwindi a hepatitis B anayamba kuperekedwa kwa makanda m'dziko muno mu 2002, kutanthauza kuti obadwa chaka chimenecho chisanafike anakula opanda chitetezo chimenechi, ndipo alipo amene ali ndi kachilomboka osadziwa n'komwe. Shuga ndi kunenepa nazo zimakweza GGT. Chuku cha m'chimanga ndi mtedza wosasungidwa bwino chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amalimbana ndi chiwindi chomwecho.

Ndiye pali likodzo. Limene tinalizolowera kunyanja kuno ndi la m'chikhodzodzo, lokodzetsa magazi. Koma mu 2017 ofufuza anapeza m'mphepete mwa nyanja m'boma lino nkhono za mtundu wa Biomphalaria, zofalitsa likodzo la m'matumbo, ndipo matendawo anapezekadi mwa ana a sukulu. Mazira a likodzo limeneli amakakakamira m'chiwindi, ndipo likakhalitsa limatha kukweza GGT ya munthu amene sanalawepo mowa chibadwire.

Chitsanzo chimene chimandichititsa chidwi ine ndi cha ma ARV. Kuyambira 2019 anthu ambiri m'Malawi anachotsedwa pa mankhwala okhala ndi efavirenz n'kuikidwa pa okhala ndi dolutegravir, amene sakankha chiwindi mwa njira ija. Wina akanayeza GGT ya anthu a pa kiliniki imodzi mu 2018 n'kubweranso mu 2021, akanatha kuipeza itatsika, n'kulemba lipoti losangalatsa lakuti anthu achepetsa mowa, chikhalirecho chasintha ndi botolo la mapiritsi.

AST, ALT ndi kukula kwa maselo

Izi tingodutsapo, chifukwa pa zokha sizinena zambiri za mowa. Zimaonetsa kuti maselo avulala. ALT kwenikweni ndi ya m'chiwindi, pamene AST ilinso mumtima ndi m'minofu. Fernando De Ritis wa ku Italy anaonetsa mu 1957 kuti kuyerekeza ziwirizi kumathandiza kusiyanitsa matenda a chiwindi, ndipo madokotala lero amakayikira mowa AST ikaposa ALT kawiri. Koma zikafika pamenepo chiwindi chavulala kale, ndiye zimagwira odwala, osati omwa onse. Malungo ndi mankhwala a TB amazikweza. Mlovi amene wachezera kupalasa bwato ndi kukoka chilimira akhoza kupezeka ndi AST yokwera m'mawa mwake chifukwa cha minofu yotopa.

Pali muyezo winanso umene si enzyme, wotchedwa MCV, wonena kukula kwa maselo ofiira a magazi. Mowa wa nthawi yaitali umawakulitsa, ndipo popeza selo lofiira limakhala masiku pafupifupi 120, chizindikirocho chimachedwa kufufutika. Kusowa kwa vitamini B12 kapena folate kumawakulitsanso, ARV ya zidovudine chimodzimodzi, pamene kuchepa kwa ayironi, kofala kumene kuli njoka za m'mimba ndi likodzo, kumawachepetsa. Chidakwa chosowa ayironi chikhoza kuoneka chabwinobwino, zokoka ziwirizo zitalingana mphamvu.

Munthu mmodzi ndi khamu la anthu

Ngati GGT imalakwitsa chonchi, n'chifukwa chiyani ena amaidalirabe? Yankho lawo n'lakuti dokotala ndi wofufuza safunsa funso limodzi. Dokotala akufuna kudziwa za Che uje amene ali pamaso pake. Wofufuza akufuna kudziwa za boma lonse, ndipo kwa iye kulakwitsa pa munthu uyu ndi uyo sikuvuta ngati zolakwikazo zikufafanizana. Mlangizi wa zausodzi sawerenga usipa umodziumodzi. Amaona mabigili a maboti angapo, masiku angapo, n'kudziwa ngati chaka chino nyanja yapatsa kapena yamana.

Maganizowa ali ndi mbiri yake. Mu 1956 Sully Ledermann wa ku France ananena kuti avereji ya mowa umene anthu a m'dziko amamwa imayendera limodzi ndi kuchuluka kwa omwa mopitirira. Mu 1990 Geoffrey Rose ndi Simon Day a ku London anayang'ana magulu 52 a anthu m'mayiko 32 n'kupeza zofanana: avereji ikakwera, zidakwa nazo zimachuluka. Choncho avereji ya GGT ya dera ikamakwera chaka ndi chaka, zina zonse zili chimodzimodzi, n'zomveka kukayikira mowa. Vuto lili pa mawu akuti zina zonse zili chimodzimodzi.

Tiyeni tichite kasamu. Manambala awa ndi ongoyerekeza, si a kafukufuku aliyense. Mudzi uli ndi akuluakulu 1,000, ndipo omwa kwambiri alipo 50. Tinene kuti muyezo wathu umagwira 60 pa omwa kwambiri 100 alionse. Ndiye ugwira 30, ena 20 apulumuka. Tinenenso kuti umanamizira 10 pa anthu 100 alionse osalakwa. Pa 950 otsala aja unamizira 95. Onse okodwa akwana 125. Wowerenga mothamanga alengeza kuti m'mudzimo muli zidakwa 125, pamene zilipo 50, ndipo pa 125 amene akuwalozawo, omwadi ndi 30 okha.

Akatswiri a masamu ali ndi njira yokonzera zimenezi, imene Walter Rogan ndi Beth Gladen anafalitsa mu 1978. Pa 125 paja amachotsapo 100, amene akanakodwa ngakhale mudzi wonse ukanakhala wosamwa. Otsala 25 amawachulukitsa kawiri, popeza kusiyana kwa 60 ndi 10 ndi 50 pa 100, kumene ndi theka. Yankho ndi 50, ndendende.

Koma zatheka chifukwa tikudziwa kuti muyezowo umanamizira 10 pa 100. Nambala ngati imeneyi imachokera ku kafukufuku wochitika pa anthu enaake, ndipo wambiri wa GGT anachitikira ku Ulaya ndi ku America. Bwanji ngati m'mudzi wa kunyanja, chifukwa cha likodzo, hepatitis B ndi mapiritsi aja, umanamizira 20 pa 100? Onamiziridwa akhala 190, kuphatikiza 30 aja, 220. Wofufuza amene wabwereka nambala ya ku Ulaya achotsa 100, otsala 120 achulukitsa kawiri, apeza 240. Zoona zake zikadali 50. Masamu ake ndi olondola, nambala yobwereka ndiyo yamusocheretsa pafupifupi kasanu. Ndipo dera likakhala ndi omwa ochepa, m'pamene cholakwika chotere chimakula, chifukwa onamiziridwa amachokera ku gulu lalikulu la osamwa. Kwa boma ngati lino, mfundo imeneyi ndi yolemera.

Avereji imabisanso kamwedwe. Munthu womwa mabotolo awiri tsiku lililonse ndi mnzake amene amakhala masiku 13 osalawa kenako n'kumwa mabotolo 28 pa tsiku limodzi ndalama ya nsomba ikalowa, pa kope amwa mofanana. Chiwindi sichiwaona mofanana, ndipo GGT imamva msanga woyambayo. Koma amene amagwa m'bwato, kuchita ngozi pa njinga yamoto ya kabaza kapena kumenya mkazi, nthawi zambiri ndi wachiwiriyo.

CDT ndi PEth

Pofuna muyezo wosauwa mbuzi, ofufuza anatulukira ina iwiri. CDT si enzyme. Chiwindi chimapanga puloteni yonyamula ayironi yotchedwa transferrin, yokhala ndi timichira ta shuga. Munthu akamamwa magalamu 50 mpaka 80 patsiku kwa mlungu umodzi kapena iwiri, yambiri imatuluka timichira tili topereweza. Helena Stibler wa ku Sweden ndiye anazindikira zimenezi m'zaka za m'ma 1970. CDT sinamizira anthu kawirikawiri ngati GGT, ndipo mayiko ena a ku Ulaya amaigwiritsa ntchito pobweza laisensi kwa dalaivala amene anagwidwa ataledzera. Koma ndi yodula, imaphonya omwa pang'ono, ndipo imatha kukwera mwa amayi oyembekezera ndi odwala chiwindi kwambiri.

PEth, dzina lake lonse phosphatidylethanol, ndi yosiyana ndi zonsezi. M'thupi muli enzyme yotchedwa phospholipase D, imene pa ntchito yake ya masiku onse imagwiritsa madzi. Ikapeza mowa pafupi imatola mowawo m'malo mwa madzi, n'kupanga kanthu kachilendo kamene kamakakamira pa khungu la maselo ofiira. Popanda mowa, kanthuko sikapangika. Christer Alling ndi anzake ku Sweden anakapeza koyamba mu makoswe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Ngati GGT ndi kuuwa kwa galu, PEth ndi mapazi pa mchenga wonyowa wa pagombe: amaonetsa kuti wina wadutsadi, ndipo mafunde amawafufuta pang'onopang'ono. Mwa womwa kwambiri imaoneka kwa milungu iwiri mpaka inayi. Malabotale ambiri amati yosafika ma nanogalamu 20 pa mililita ndi ya wosamwa kapena womwa pang'ono kwambiri, ndipo yopitirira 200 ndi ya womwa kwambiri. Likodzo, efavirenz ndi kunenepa sizipanga PEth.

Chinanso chokopa n'chakuti magazi ake akhoza kukhala madontho ouma pa kapepala, njira imene azaumoyo athu anaizolowera kale poyeza makanda HIV ndi potumiza magazi a viral load. Kapepalako sikafuna kuthamangira nako ku labotale tsiku lomwelo, zimene kwa munthu wa ku Makanjira nthawi ya dzinja si nkhani yaing'ono. Koma kuwerenga kwake kumafuna makina odula otchedwa mass spectrometer. Judith Hahn wa ku San Francisco ndi anzake a ku Mbarara m'dziko la Uganda, amene ayeza PEth mwa anthu okhala ndi HIV kwa zaka zoposa 10, ankatumiza mapepala awo ku America. Anapeza kuti ena ndithu mwa amene ankati samwa anali ndi PEth m'magazi. N'zosadabwitsa: wodwala amene wauzidwa kuti mankhwala sayenderana ndi mowa sangavomere msanga kwa namwino womupatsa mankhwalawo.

PEth nayo si mita. Anthu awiri omwa mofanana amatha kukhala ndi manambala osiyana kwambiri, chifukwa matupi amaipanga ndi kuichotsa pa liwiro losiyana. Imasiyanitsa bwino wosamwa, womwa ndi womwa kwambiri, koma kuisandutsa malita a pachaka n'kongoyerekeza.

Ku Oslo m'dziko la Norway, pa kafukufuku amene anatuluka mu 2011, anayesanso kusiya anthu n'kuyeza zotsalira za mowa m'madzi a m'mapaipi a zimbudzi za mzinda wonse. Kuno kwa zimbudzi zokumba, imeneyo tingoimva.

Apereke mkono ndani?

Muyezo ungakhale wabwino chotani, umanena za okhawo amene abayidwa. Magazi amene ali kale m'chipatala cha boma ndi a odwala, ndipo chiwindi cha wodwala sichiimira cha munthu wamba. A ku sikelo ya amayi oyembekezera ndi a akazi okhaokha. Opereka magazi mwaufulu ambiri ndi ana a sekondale. Kafukufuku wa khomo ndi khomo amafika masana, alovi ali mtulo kapena atasamukira ku gombe lina kutsata nsomba, anyamata ena ali ku Joni. Amene amaganiziridwa kuti amamwa kwambiri ndi omwewo ovuta kuwapeza pakhomo.

Nthawi nayo ili ndi mawu. Muyezo wokumbukira milungu iwiri mpaka inayi ukuuzani za mwezi umenewo basi. Mwezi ukawala nyali sizikopa usipa ndipo ndalama pagombe imachepa. Pali nthawi yotseka nyanja, nthawi yokolola, mwezi wa Ramadan, zisangalalo za Disembala. Ofufuza awiri oona mtima, wina atabwera mu Febuluwale wina mu Julayi, akhoza kulemba za Mangochi ziwiri zosiyana.

Kutenga magazi pakhomo n'kotheka. Kafukufuku wa HIV wa MPHIA anachita zimenezi m'dziko lonse mu 2015 mpaka 2016, n'kubwerezanso mu 2020 mpaka 2021. Koma tonse tikukumbuka mphekesera za anamapopa za mu 2017 ku Mulanje, Phalombe ndi madera ena a kummwera, pamene anthu anaphedwa. Kafukufuku aliyense wa magazi amayenera kuvomerezedwa ndi komiti yoona za ufulu wa otenga nawo mbali, monga NHSRC ya ku unduna wa zaumoyo kapena COMREC ya ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS, ndipo munthu amayenera kuuzidwa chimene magazi ake akukayezedwa. Pamenepo pamabuka kanthu kena. Bambo a thobwa aja akamva kuti magazi akaulula za mowa, akhoza kukana kubayidwa, ndipo kafukufuku ataya anthu omwe amawafuna. Akhozanso kuvomera n'kuyankha mafunso moona, podziwa kuti kubisa sikuthandiza.

Zimene sizinayankhidwe

Dziko lino linakhazikitsa ndondomeko yake ya za mowa mu 2017, ndipo boma linaletsa mowa wa m'masacheti. Kuti tidziwe ngati zinthu zotere zikusintha kamwedwe, pamafunika muyezo wobwerezedwa mofanana zaka zingapo. Akatswiri amasiyana maganizo pa muyezo woyenera. Ena amati GGT ndi yotchipa, makina ake alipo kale, ndipo kuyeza anthu ambiri ndi muyezo wolakwitsalakwitsa kuli bwino kusiyana ndi kuyeza ochepa ndi muyezo wodula. Ena amati kumene chiwindi chili ndi adani ochuluka chonchi, GGT ingakhale yabwino poyeza umoyo wa ziwindi za anthu, koma osati mowa. Pali a pakati, amene amati afunsidwe anthu onse, PEth iyezedwe mwa gawo laling'ono, kenako mayankho a onse akonzedwe potengera gawolo. Koma kodi gawo laling'ono la pa boma lingaimire kubisa kwa munthu wa ku Namwera kapena Katuli, kumene manyazi a mowa mwina ndi ena?

Funso lina ndi la mzere wolekanitsa GGT yabwino ndi yokwera. Malabotale amasiyana pa mzerewu, amuna ndi akazi ali ndi wawowawo, ndipo kuti ukhale wa kuno pangafunike kuyeza anthu a kuno athanzi, osamwa, opanda likodzo ndi hepatitis B. Kuwatsimikiza kuti samwadi kungafunenso PEth yomwe ija.

Pali za ndalama: ngati kwacha imene ingayeze PEth ya munthu mmodzi ingagule praziquantel wa likodzo wa ana angapo, unduna usankhe chiti, ndipo chiwerengero cha omwa chikadziwika, pali thandizo lanji lowadikira?

Ndiye pali za mwini magazi. Kafukufuku amalonjeza kuti mayina sadzatuluka, koma zotsatira zimalembedwa ndi dzina la dera. Lipoti likadzati gombe lakuti kapena mudzi wa amfumu akuti uli ndi PEth yokwera, kumene anthu ake amadziwika kuti samwa, adzayankhe ndani kumzikiti, kutchalitchi ndi kubwalo? Nanga wofufuza akapeza GGT ya bambo a ku Mpondasi aja ili pamwamba zedi, PEth mulibe, abwerere kukawauza kuti chiwindi chawo chikufunika dokotala, pamene anawalonjeza kuti pa botolo la magazi awo palembedwa nambala yokha?